Mwala wa mu Impso ndi Mayendedwe a Tata

Iponga,
Karonga.
Epulo, Pasaka itangodutsa.

Wokondedwa mlongo wanga Golden,

Mughonile kumeneko ku Tete. Ndakusowa, iwe. Kaya uli bwanji, kaya mlamu wanga Dora ali bwanji, nanga ana? Kamtsikana kaja kanasiya kutsokomola? Kuno Kyala, Mulungu wathu, akutisungabe. Amayi ali bwino, kungoti maondo ndiwo amawavuta m'mawa, koma dzuwa likakwera amatuluka n'kukakhala pansi pa nthochi zawo. Alamu ako a Zebedee akupereka moni. Mwana wanga Lughano ali ku Mzuzu kwa mwamuna wake, ndi woyembekezera, ndipo masiku ake ayandikira.

Mvula yagwa bwino chaka chino. Mpunga wayamba kutulutsa ngala, koma m'malo otsika madzi akuonekabe. Ukaima pa mzere wa munda m'mawa umaona mitambo pawiri, ina kumwamba ina pansi pa mapazi ako, akakowa akuyenda pakati pake mosafulumira. Fungo la kilombero likumveka mpaka ku msewu. Ukanakhalapo ukanaima n'kumangoyang'ana, monga unkachitira.

Usadabwe kuti ndakulembera pa pepala ngati kale pamene mafoni tili nawo. Pa foni umandithawa. Ndikangoyamba nkhani yolemera umaseka, kenako umati netiweki yavuta. Ndalembanso dala m'Chichewa, osati m'Chinkhonde chathu, kuti Dora awerenge yekha mawu onse, iwe usamumasulire zokhazo zimene wasankha. Kalatayi ndapatsira Jeffrey, mwana wa a Mwalwimba uja amayendetsa thiraki ya ku Beira, ndipo ndamuuza kuti aipereke m'manja mwa Dora pamodzi ndi kathumba ka mpunga.

Unamva kuti mwezi watha ndinagonekedwa m'chipatala. Uthenga wako wa pole, wondipepesa, ndinaulandira. Koma sunamve mmene zinayendera, ndipo ndikufuna uzimve zonse, chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha.

Ntchito yanga ukuidziwa. Ndimagula mpunga kuno n'kukwera nawo basi kupita ku Mzuzu, nthawi zina mpaka ku Lilongwe. Ife amayi a pa msewu tili ndi chizolowezi chathu. Ukakhala ndi ulendo, madzi umasiya kumwa dzulo lake. Basi siimira mkodzo wa munthu mmodzi. Ikati yaima, abambo amangotembenukira ku tchire, koma iwe mzimayi ufunefune pobisala, diso lina lili pa matumba ako, dalaivala akuliza hutala. Ndiye timangouma. Kukhosi kukavuta timagula kabotolo ka zotsekemera. Chakudya cha pa ulendo ndi tchipisi cha mchere wambiri, kanyenya ndi usipa wouma. Zaka zonsezi ndakhala choncho, ndipo ndinkadzitama kuti ndine wolimba, ndimachoka ku Songwe mpaka ku Kasungu osatsika.

Thupi linayamba kalekale kundichenjeza, ine osamva. Kumbuyo, mbali ya kumanja, pansi pa nthiti, pankalemera ngati wina watsamirapo ndi chigongono. Ndinkati ndi matumba. Mkodzo unkatuluka wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinkati ndi dzuwa.

Tsiku limenelo tinanyamuka ku Boma m'mawa. Titangodutsa Ngara, kulemera kuja kunasanduka china. Ululu unandigwira kumbuyo n'kutsetsereka m'mbali, kutsikira m'munsi mwa mimba mpaka m'mphechepeche, ngati wina akukoka waya wotentha m'kati mwanga. Unkabwera, n'kuchepa pang'ono, n'kubweranso ndi mphamvu. Ndabereka ana, Golden, ululu ndimaudziwa. Koma wa kubereka umadziwa kuti pamapeto pake pali munthu. Uwu unalibe nkhope. Thukuta linandinyowetsa, nseru inakwera, ndinasanza m'chitenje changa. Ndinauza kondakitala kuti anditsitse pomwepo, matumba akapereke kwa Lughano. Ananditsitsa pa mphambano ya ku Sangilo.

Linali dzuwa la masana. Msewu unkanjenjemera ndi kutentha, ndipo usipa umene anayanika pa thandala chapafupi unkanyezimira mpaka kundibaya m'maso. Zinthu zonse zinkaoneka ngati ndikuziona pansi pa madzi. Anthu ankalankhula Chitumbuka mondizungulira, koma mawu awo ankafika mochedwa, ngati akuchokera tsidya lina.

Pamenepo pali kagolosale ka mayi Asha, ochokera ku Mangochi, amene sindinkawadziwa n'komwe. Iwo ndiwo anatuluka, n'kundigwira mkono, n'kundiyalira mphasa pa khonde. Ndinayesa kugona, zinakanika. Ndinayesa kukhala, zinakanika. Ndinagwada, ndinadzipinda, osapeza mbali yabwino. Mapeto ake ndinangodzuka n'kuyamba kuzungulira golosaleyo, dzanja lamanja lili m'chiuno kumbuyo, thupi litapendekera mbali imodzi, phazi lina likukhwekhwereza. Ndikuzungulira choncho ndinamva ngati mayendedwewo si anga, ngati ndavala malaya a munthu wina amene ndimamudziwa. Koma mutu sunali pamalo poti ndiganize kuti ndi ndani.

Ndinkamva mkodzo pafupipafupi. Mayi Asha ananditengera kuseri kwa nyumba yawo, koma kunkangotuluka timadontho totentha, ndipo tinali ndi magazi. Nditaona magaziwo ndinaganiza kuti basi, ndifera pa khonde la mlendo.

Iwo ndi Asilamu, ndipo unali mwezi wawo wosala, Golden. Mayiwo milomo inali itauma gwa, kuyambira m'bandakucha sanalawe kanthu. Koma anatunga madzi ozizira mumtsuko, n'kundigwirira kapu pakamwa, n'kumati ndimwe pang'onopang'ono. Ndinawauza kuti pepani, ndikukuvutitsani muli pa kusala. Iwo anaseka n'kunena kuti ludzu lawo lili ndi nthawi yake yothera, koma langa likuoneka kuti ndi la zaka. Kenako anaitana amuna awo a Yusuf, amene anasiya zonse n'kunditengera pa kagalimoto kawo ku chipatala chaching'ono cha kufupi.

Kumeneko anandibaya jakisoni wa ululu n'kundiika diripi. Sindikudziwa mmene ndingakufotokozere zimene zinatsatira. Ululu sunachoke nthawi imodzi, unangoyamba kubwerera m'mbuyo ngati madzi osefukira akamaphwa m'munda. Makoma anafewa. Katani ya pa windo inkalowa n'kutuluka ndi mphepo, ine n'kumapita nayo limodzi. Kunja kunali kukadali kowala, koma ndinalota.

Ndinalota ndili m'munda wathu wakale wa ku dambo, madzi ali m'maondo, otentha bwino ngati osamba. Mpunga kunalibe, kunali madzi okhaokha mpaka ku mapiri. Kutsogolo kwanga kunali Tata, malemu bambo athu, atavala chipewa chawo cha mlaza chija. Ankayenda pang'onopang'ono, akuwerama n'kumatola timiyala tonyezimira m'madzimo, n'kumaika m'thumba la malaya. Akatola kamodzi ankapendekera pang'ono. Akatola kena ankapendekeranso. Ndinawaitana kuti Tata, tayani zimenezo, zikukulemerani. Sanacheuke. Ankangopita, ndipo ng'ombe zathu zinkawatsatira zikuyenda pamwamba pa madzi, mabelu akulira chapansipansi. Sindinachite mantha. Ndinangomva chisoni chofatsa, ngati cha pa Lamulungu masana anthu onse akachoka.

Nditadzuka ndinapeza a Zebedee atakhala pambali pa bedi, nsapato zili fumbi lokhalokha. Mawa lake tinapita ku chipatala chachikulu ku Boma.

Amene anandiona kumeneko ndi dokotala wachitsikana, dzina lake Carol, wa msinkhu wa Lughano. Anayeza mkodzo, anayeza magazi, kenako anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo ka sikani. Ananditembenuzira galasi kuti ndione. Munali ngati mitambo ya mvula, yotuwa, ikuyendayenda. Anandilozera impso yanga ya kumanja, n'kuti yatupa pang'ono chifukwa mkodzo ukulephera kutsika bwino. Chatseka njira ndi mwala.

Ndinamufunsa kuti mwalawo ndinaumeza liti. Anamwetulira n'kunena kuti palibe chimene ndinameza. Anandifunsa ngati ndinayang'anapo m'kati mwa ketulo yakale, mmene mumamera zoyera zolimba zija madzi akamaphwera momwemo. Anati impso zimasefa mchere ndi zinyalala za m'magazi, ndipo zimafuna madzi kuti zizikokolole. Madzi akachepa, mkodzo umakhala wokhathamira, timchere tija timagwirana, lero pang'ono mawa pang'ono, mpaka kamwala. Kakakhala phee mu impso sukamva. Tsiku limene kanyamuka n'kulowa mu kanjira kopapatiza kopita ku chikhodzodzo, m'pamene munthu amazungulira nyumba.

Anati mwayi wanga kamwalako n'kakang'ono, katha kutuluka kokha. Kakanakhala kakakulu akananditumiza ku chipatala chachikulu koposa, kumene amatha kukaphwanya kapena kukachotsa ndi opaleshoni. Anandipatsa mapiritsi a ululu ndi ena omasula njira ya mkodzo. Anati ndizimwa madzi ambiri, ndiziyendayenda, ndipo ndizikodzera pa sefa kuti kakatuluka tikaone. Kenako nkhope yake inasintha. Anati mayi, mvetsetsani ichi: thupi likatentha, mukayamba kunjenjemera, mukamasanza osaleka, kapena mkodzo ukasiya kutuluka, musadikire kuti kuche, musadikire munthu, bwerani. Anati njira yotsekeka ikalowa matenda, impso imaonongeka msanga, ndipo munthu amatha kufa.

Pomaliza anandifunsa ngati kwathu kuli wina amene anadwalapo chonchi, chifukwa nthawi zambiri zimayenda m'magazi. Ndinayankha kuti ayi, sindikudziwapo aliyense.

Ndinabwerera ku Iponga kukadikira mwala wanga. Masiku amenewo anali achilendo. Ndinkamwa madzi mpaka mimba kumalira ngati chigubu. Mapiritsi ankandipatsa tulo ta masana, ndipo ndinkakhala pakati, osagona osadzuka, ndikumva masamba a nthochi akukhulana, ndikumva Amayi akupeta kuseri. Nthawi zina ndinkamva kamwalako pamene kafika, lero apa, mawa pansi pang'ono, ngati mlendo amene akutsika phiri n'kumapuma panjira.

Ku msika nkhani inafika mwa mtundu wina. Anthu anamva kuti Eunice am'peza ndi miyala m'mimba, ndiye ena anayamba kunena kuti mpunga wanga ndi wosapeta bwino, ndadya miyala yanga yomwe. Ena ankati ndi njere za magwafa, ena za tomato. Mayi wina anabwera kudzandiona atanyamula mizu, n'kuti nditafune isungunule zonse. Ndinathokoza, mizuyo ndinaiika pa denga la khola.

Alamu ako, Golden. Munthu uja umati salankhula, umati ali ngati chitsa. Anapita yekha ku golosale kukagula sefa ya tiyi yatsopano. Nthawi iliyonse ndikatuluka ndi kachitini kanga ankandilandira, n'kupita nako kuseri kwa nthochi, n'kusefa mosamala, n'kuyang'anitsitsa pa dzuwa. Ndinachita manyazi, ndinati siyani, ndizichita ndekha. Iwo anati ku mgodi wa Kayelekera ankasefa miyala ya eni ake tsiku lonse osadandaula, ndiye alekerenji kusefa ya mkazi wawo. Takhala m'banja zaka zambiri, koma sindinkadziwa kuti munthuyu amandikonda mpaka pamenepo.

Tsiku lina masana ululu unabweranso mwamphamvu. Ndinadzuka n'kuyamba kuzungulira nyumba, dzanja kumbuyo, thupi litapendekera, phazi likukhwekhwereza. Nditatulukira pa ngodya ndinapeza Amayi ataimirira, lichero lili pansi, mpunga utamwazika, nkhuku zikudya iwo osaziingitsa. Anali atagwira pakamwa. Ndinawafunsa kuti chavuta n'chiyani. Anangolowa m'nyumba.

Kamwalako kanatuluka m'mawa wina, popanda mwambo uliwonse. Ndinangomva kubaya pang'ono, kenako thupi lonse linapepuka ngati nditula mtolo. Posakhalitsa ndinamva a Zebedee akufuula kuseri ngati agwira mbalame. Anabwera nako pa chikhatho. Golden, ukanakaona ukanaseka. Kanali kochepa kuposa njere ya mpunga, kabulauni, kokhala ndi timinga tating'onoting'ono ngati kambewu ka chisoso. Kanthu kameneko ndiko kanandigwetsa pa msewu.

Tinakatsuka n'kukaika pa sosala. Amayi anabwera, anakatenga, n'kukagubuduza pakati pa zala nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi n'kunena m'Chinkhonde, motsitsa mawu, kuti kotereka anakaonapo.

Anatifotokozera kuti kale, iwe usanayambe sukulu, Tata anadwala ululu womwewu. Anazungulira nyumba masiku angapo, kenako m'mawa wina anatulutsa kamwala ngati kameneka. Anakaonetsa Amayi ali ndi mantha. Onse awiri anaganiza kuti wina wawaponyera, ndipo anaopa kuti nkhani ikamveka pamudzi pabuka milandu, abale adana. Choncho anakakwirira pansi pa nthochi, n'kugwirizana kuti asauze munthu. Ululu unatha, moyo unapitirira. Amayi akuti unkabwerabe mwa apo ndi apo, Tata n'kumangoti ndi msana wa khasu.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira mwini wa mayendedwe aja ndinavala ku Sangilo.

Iwe unali wamng'ono chaka chimene Tata anatisiya, mwina zambiri sukuzikumbuka. Ine ndikuzikumbuka ngati ndikuyang'ana m'madzi oyera. Inali nthawi yokolola. Tata ankamweta mpunga, n'kusiya chikwakwa, n'kuzungulira mulu wa mpunga dzanja lili kumbuyo, n'kubweranso. Madzi sankanyamula ku munda, ankati amalemetsa munthu pa ntchito. Amayi anawapempha kuti apite ku chipatala. Iwo anati apita akamaliza kukolola, mbalame sizidikira wodwala. Kenako thupi linatentha. Ankanjenjemera dzuwa lili pamutu, atafunda bulangete pa khonde. Tonse tinati ndi malungo, tinawagulira mapiritsi a malungo. Mkodzo unachepa, kenako unasiya. Anayamba kulankhula ndi anthu amene ife sitinkawaona, akumwetulira, akuwauza kuti adikire amange matumba. Mmene ankawakweza pa ngolo kupita nawo ku msewu, anali atapita kale theka. Mpunga wa chaka chimenecho tinadyera pa maliro awo.

Nditabwerera kwa dokotala Carol ndi kamwala kanga m'kabotolo, ndinamuuza kuti yankho lija ndinamupatsa linali lolakwa, ndipo ndinamufotokozera zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati sangalumbire za munthu amene sanamuone, koma zimene ndafotokozazo zikufanana kwambiri ndi mwala umene unatseka njira, matenda n'kulowa pamwamba pake. Anati zoterozo zimachizika munthu akafika msanga. Anayendetsanso sikani, n'kuti impso yanga yaphwa, ili bwino. Kenako anafunsa ngati ndili ndi abale a mimba imodzi.

Ndinati ndili ndi mmodzi. Amakhoma malata ku Tete.

Golden, ukukumbuka zimene unandiuza pa Khirisimasi? Unazinena mongodutsa, uli pakati pa kuseka. Unati msana wa kumanzere ukukuvuta, umabwera n'kupita. Unati tsiku lina unatsika pa denga n'kusanza, anzako n'kumakuseka kuti wamwa za dzulo. Unati mkodzo wako ukufiira chifukwa cha madzi a kumeneko. Ine ndinaseka nawe, chifukwa nthawi imeneyo sindinkadziwa kanthu. Mwezi uno nditakufunsanso unati zikadalipo pang'ono, koma upita ku chipatala ukamaliza denga la nyumba yosungiramo katundu imene mwagwira.

Ukamaliza denga. Nditamva mawu amenewo ndinakhala pansi pa mzere wa munda.

Ndimakuona, iwe, ngakhale sindinafikeko. Ndikatseka maso masana ndimakuona uli pamwamba, malata akuwala mbali zonse ngati nyanja ya moto, misomali ili pakamwa, malaya atauma mchere kumsana. Ndimadziwa kuti botolo la madzi umalisiya pansi, chifukwa kutsika ndi kukwera kumadya nthawi, ndipo iwe sufuna kuti anyamata ako akuone ukupuma. Amati ku Tete kumatentha kuposa kuno. Ndiye impso zako zikusefa ndi chiyani, mlongo wanga?

Sindikunena kuti ndikudziwa chimene chili m'thupi mwako. Mwina ndi msana basi, ndipo ndidzasangalala kuti unditche wamantha. Koma sindiwe woyenera kugamula zimenezo uli pa denga. Ndikukupempha, ine amene ndinakubereka kumbuyo Amayi ali ku munda: pita ku chipatala sabata yomwe ino. Ukawauze zonse, za msana, za kusanza, za mtundu wa mkodzo. Ukawauze kuti mlongo wako watulutsa mwala, ndipo bambo ako anatulutsaponso. Ukapemphe kuti ayeze mkodzo, akuunikenso ndi sikani. Denga lidikira. Mwini wake akakwiya, akwiye.

Mlamu wanga Dora, apa ndikulankhula ndi inu. Munthuyu mumam'dziwa, amabisa ululu ngati ndi chinthu chakuba. Muzimuyang'ana. Mukamuona akulephera kukhala pansi, akuzungulira dzanja lili kumbuyo, musamufunse maganizo ake, muitane galimoto. Thupi likatentha n'kumanjenjemera pamodzi ndi ululu umenewo, musangoti ndi malungo n'kugula mapiritsi pa golosale. Mukaona kuti sakukodza, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Ndikukupatsani mphamvu zanga zonse za uchemwali, muzigwiritse ntchito mosaumira.

Ndikuuzeninso nonse mmene ndikukhalira tsopano, chifukwa dokotala anati amene watulutsa mwala kamodzi amatha kupanganso wina. Ndikadzuka ndimayamba ndi madzi, ndisanayatse moto. Kulikonse kumene ndikupita chigubu chili m'manja. Muyezo wake ndi wosavuta: mkodzo uzikhala woyera, wongotuwira pang'ono. Ukayamba kufiira ndiye kuti ndatsalira. Kukatentha kapena ndikatuluka thukuta ndimawonjezera. Ndimafinyiramo ndimu, akuti amathandiza kuti timchere tija tisagwirane, ndipo mtengo wa mandimu uja unabzala kuseri kwa khola wapeza ntchito.

Mchere ndachepetsa kwambiri. Poyamba ndiwo zinkangomveka ngati madzi, a Zebedee n'kumadya mwaulemu, koma pano lilime lazolowera. Usipa wouma ndimayamba ndauviika. Kanyenya ndi wa apo ndi apo, zotsekemera za m'mabotolo ndasiya. Tiyi wakuda bii uja ndinkamwa ndamuchepetsa, bonongwe ndi mtedza ndimadya koma osati tsiku ndi tsiku. Ndinkaganiza kuti andiletsa mkaka, poti mwala ndi wolimba ngati fupa, koma anati ayi, chambiko chathu ndizidya monga mwa masiku onse, chimathandiza.

Pa basi ndiye pali nkhani. Ulendo woyamba nditachira ndinakwera ndi chigubu changa, n'kumuuza dalaivala tisananyamuke kuti ine ndi wodwala impso, ndikati imani aime. Anadandaula. Koma titaima koyamba ku Chiweta, amayi onse a m'basimo anatsika pambuyo panga, mmodzimmodzi, osayang'anana. Tinatambasula zitenje n'kutchingirana. Pobwerera m'basi mayi wina wachikulire anandigwira dzanja n'kuti yewo, mwana wanga, ndakhala ndikupirira kuyambira ku Boma.

Pa ulendo womwewo, pobwerera kwathu, ndinatsika ku Sangilo ndi kathumba ka mpunga. Kusala kwawo kunali kutatha. Mayi Asha anandikumbatira ngati m'bale, ndipo tinakhala pa khonde lomwe lija, tikumwa madzi a mumtsuko womwe uja, tonse awiri. Anafunsa za abale anga, ndinawauza za iwe. Anati azikupempherera m'mapemphero awo. Choncho dziwa kuti pali mayi wina wa ku Mangochi, amene sunamuonepo, amene akutchula dzina lako kwa Mulungu.

Amayi sadziwa kuti nawenso ukumva msana. Sindinawauze, ndipo sindikufuna kuwauza ndilibe nkhani yabwino yotsatira. Chiyambire tsiku lija amakhala nthawi yaitali pansi pa nthochi, akuyang'ana pansi, ngati akufunafuna malo. Dzulo anandiuza kuti akanadziwa kuti kanthu kaja kali ndi mankhwala, akanawakoka Tata ndi chingwe cha ng'ombe mpaka ku Boma. Ndinawauza kuti panalibe amene ankadziwa. Koma ife tsopano tikudziwa, Golden.

Ndiye mvera. Jeffrey akadzabwerera ndikufuna adzandiuze kuti iwe wapita ku chipatala. Dora andiimbire yekha, osati iwe. Zikapanda kutero, pasipoti ndili nayo, misewu sindiiopa, ndipo Lughano ali ndi apongozi ake omudikirira. Ndidzabwera ku Tete. Ndidzafunsa mpaka ndipeze denga lakolo, ndidzayala chitenje pansi pa makwerero ako, ndipo pamaso pa anyamata ako onse amene amakutcha bwana ndidzakuitana ndi dzina lija tinkakuitana uli wamng'ono. Ndidzafuula kuti Kambuzi, tsika. Ndipo ukudziwa kuti mawu ndili nawo.

Undiperekere moni kwa ana, uwauze kuti azakhali awo akuwasungira nthochi zakupsa. Moni kwa makolo a Dora mukawaimbira, ndi kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo ku tchalitchi kumeneko. Amayi akuti ndaga, zikomo kwambiri, chifukwa cha nsalu ija, amaivala Lamulungu lililonse. Kyala akusunge pamwamba pomwe ulipo, akugwire phazi potsika, akupatse mtima womvera. Akusungireni nonse mpaka tidzaonane ndi maso.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Eunice